Batire ya lithium yolembedwa "recycled": ndigule kapena ayi?

Mlimi_wa_Sola: Akuluakulu, pali batire ya 12.8V 100Ah, akuti ndi "recycled", mtengo pafupifupi theka la yatsopano. N'kufuna yoyatsira mababu, TV ndi kafiriji. Ndigule?

Injiniya77: Funsani kaye kuti chomwe anakonzanso n'chiyani. Makampani ngati Brunp ku China amagaya mabatire otha mpaka kutsala ufa wakuda wotchedwa black mass. Ufawo amausungunula mu sulphuric acid n'kuchotsamo kopa, aluminiyamu ndi chitsulo. Nickel, cobalt ndi manganese amazidikhitsa ndi caustic soda, kusakaniza ndi lithium, kenako kuwotcha pa madigiri 700 kapena kuposa. Cathode (mbali ya positive ya batire) yotuluka pamenepo siisiyana ndi yochokera kumgodi, bola kopa asatsalire, chifukwa tizidutswa take timayambitsa shoti mkati mwa selo, kabatire kamodzi mwa timene timapanga batire yonse.

Kabaza_Magetsi: Zimenezo n'zakufakitale, achimwene. Ogulitsa ena amangotenga maselo otopa, kupala QR code, kuwaveka pulasitiki wabuluu watsopano, basi. Kuba masanasana! Selo imodzi mwa anayi a m'batiremo ikafooka, BMS (kachipangizo koteteza maselo) imadula batire yonse, atatu enawo moto ukadalimo.

Bwana_Inverter: Ife zotchipa sitikhudza. Maselo atsopano a Grade A, waranti zaka 5, nkhani yatha.

NaSola: Bambo Injiniya, mwafotokoza za mabatire a NMC, a nickel, manganese ndi cobalt. 12.8V ndi maselo anayi a LFP (lithium iron phosphate) a 3.2V, mulibe cobalt kapena nickel, ndipo kuyenganso LFP sikungatsitse mtengo kufika theka. Amenewo ndi maselo ogwira kale ntchito. Yesani musanalipire: tchajani mpaka 14.6V, kokani 20A mosalekeza. Ya 100Ah yeniyeni imatha maola 5 isanafike 10V. Ikazima pa maola 4 ndiye kuti ndi 80Ah, mulipire mtengo wa 80Ah. Atsegulenso chivundikiro muone ngati maselo sanatupe m'mbali.

Kabaza_Magetsi: Theka lake liti? Kwathu kuno amangotsitsako pang'ono, ngati kuti n'zatsopano.

Mkulu_wa_Garaja: Mukuvutikiranji? Gulani ya mtovu ya deep cycle, yopangidwira kutsitsidwa ndi kutchajidwa mobwerezabwereza, njotchipa, ikatha ogula zakale amatenga.

NaSola: Ya mtovu simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, ndiye pa 100Ah mupezamo 600Wh basi. Firiji ya usiku wonse iipha msanga.

Mlimi_wa_Sola: Wogulitsa wakana kutsegula, akuti waranti ndi miyezi 3.

Injiniya77: Akalola mayeso a 20A aja, ingagulike.

Kabaza_Magetsi: Musayerekeze, akulu. Kukana kutsegulako akubisa kutupa.