Victor McLaglen: wankhonya amene anapata Oscar

Nabanda: Akuluakulu, kodi n'zoona kuti Victor McLaglen anamenyanapo ndi Jack Johnson asanayambe mafilimu?

Chatsalira: N'zoona, mayi. Zinali ku Vancouver mu Marichi 1909, ndime 6 zachionetsero chabe, lamba sanali pampikisano. Johnson anali atangolanda kumene lamba wa heavyweight (gulu la ankhonya olemera kwambiri) kwa Tommy Burns. McLaglen anabadwira ku England mu 1886, ndipo Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu, anaipata ndi filimu ya John Ford, The Informer, ya 1935.

Mbewe: Koma musaganize kuti luso la mu ring limangolowa mu kamera. Chibakera chenicheni n'chachifupi, chimathamanga, kamera sichigwira. Cha mufilimu amachikoka patali, n'kudutsa pafupi ndi chibwano osakhudza. Kamera imaima kumbuyo kwa phewa kuti mpatawo usaoneke, womenyedwayo amagwedeza mutu, phokoso amaikamo pambuyo pake. Akagwedeza mochedwa, bodza limaonekeratu. Wankhonya akaiwala n'kufupikitsa mkono monga anazolowera, mnzake amathyoka mphuno.

Chatsalira: Onerani ndewu ya McLaglen ndi John Wayne mu filimu ya The Quiet Man ya 1952. McLaglen anali atapitirira zaka 60, koma mapazi akadali a wankhonya.