Index yanga yakakamira pa 100 pomwe zinthu zikukwera, thandizeni

NaPhiri: Anzanga mutu wandizungulira. Ku training ya CPI (index yoyeza m'mene mitengo ya zinthu zomwe anthu amagula ikusinthira) atipatsa ntchito yopanga ka index ka zakudya, ndakhala ndikutolera mitengo ku Saturday Market ndi ku Kapata miyezi itatu, manje Excel ikundipatsa 100, 100, 100 pa kapenta ndi tomato, ngati kuti mitengo sinasinthe. Mulu unali K10 mu January, lero ukadali K10, koma ndi maso anga ndikuona kuti wachepa. Komanso chisense chasowa mwezi uno, ndaika ziro ndiye GEOMEAN, formula yomwe ndikupezera avareji, yangolemba error ya #NUM!. Zikufunika Lolemba.

aZulu: Gulani sikelo mayi. Nkhani yatha.

aTembo: Ziroyo chotsani msanga. Jevons, njira ya GEOMEAN mukugwiritsayo, ndi yochulukitsa, ziro imodzi imapha mzere wonse. Ndiponso ziro ikutanthauza kuti chisense akugawa ulere, pomwe changosowa. Musakopenso mtengo wa mwezi watha, ndiye index imagona tulo choncho. Onani m'mene nsomba zouma zinzake zayendera, ngati zakwera ndi 5% chisensenso mukweze ndi 5%, mulembe pambali kuti ndi imputed, kutanthauza mtengo wongoyerekeza.

aZulu: Zonsezo popanda sikelo ndi kutaya nthawi. Mulu si muyezo. Ngati wa K10 unali magalamu 80 lero ndi 60, ndiye kilo yachoka pa K125 yafika pafupifupi K167. Kapenta wakwera ndi 33% inu mukulemba 100.

NaPhiri: Ndamva aZulu koma January ndi February sindinayeze, ndibwerere bwanji m'mbuyo?

Amake Dali: Simungabwerere, ndipo chonde musapeke magalamu. Yambani kuyeza mwezi uno ukhale poyambira, za m'mbuyozo muuze aphunzitsi zoona. Koma ndi sikeloyo samalani. Ine nditangoyamba ndinafika ndi fomu pa bolodi ndi ka sikelo m'manja, amayi a tomato anaganiza kuti ndine wa misonkho, mzere wonse unaphimba katundu ndi zitenje, wina mpaka anandithira madzi otsukira nsomba ku mapazi kkkk. Tsopano ndimayamba ndaonana ndi a chair a msika, kenako ndimagula muluwo ndi ndalama zanga n'kukayezera kuseri.

aMwale: Mukagula muchotse basela musanayeze. Akakuzolowerani amakuonjezerani ka dzanja, mwezi wotsatira mupeza mwana wawo pa tebulo sakuonjezerani, pa pepala zioneka ngati mtengo wakwera. Meda nayonso musaikhulupirire, ina anaiponda pansi, ina amadzaza mpaka phiri ina amasalaza. Ndipo kapenta wa Mpulungu ndi wa Siavonga ndi zinthu ziwiri, osasakaniza mzere umodzi.

aZulu: Ndiye ndikuti chani ine? Sikelo.

NaPhiri: Nanga ndikasiya GEOMEAN ndingopanga AVERAGE ya ma relative (mtengo watsopano kugawa ndi wakale)?

aTembo: Ayi, imeneyo ndi Carli, imakokera m'mwamba. Yesani nokha, sitolo ina kuchoka K10 kufika K20, inzake kuchoka K20 kutsika pa K10. AVERAGE ya 2 ndi 0.5 ikupatsani 1.25, ati zakwera 25% pomwe angosinthana mitengo. Jevons ikupatsani 1. Pansi apo, pa mitengo ya chinthu chimodzi, Jevons; ma weight (gawo la ndalama zomwe mabanja amaononga pa gulu lililonse) mudzaike pamwamba pophatikiza magulu. Mu basket ya ZamStats (ofesi ya boma ya ziwerengero) yoyambira 2009, zakudya zokha zinatenga kupitirira theka la ma weight onse 1000, ndiye mukalakwitsa unga wa 25 kg, breakfast kapena roller, mwagwetsa nyumba yonse. Mulu wa tomato uli ndi weight yochepa.

aMwale: Zandikumbutsa 2013 pomwe kwacha inachotsedwa ma ziro atatu. Mnyamata wina tinali naye analumikiza mitengo ya December ndi ya January osagawa ndi 1000, unga unatsika ndi 99.9%, anabwera akuthamanga kuti abwana taonani chozizwitsa. Mpaka lero timamuitana Deflation.

Amake Dali: Kkkkk aMwale musandiphe. Ine chimandivuta ndi kufotokozera anthu. Inflation inafika 24.6% pakati pa 2021, itayamba kutsika apongozi anga anandifunsa kuti nanga saladi bwanji sanatsike, manambala anuwo ndi abodza. Kuwauza kuti mitengo ikukwerabe koma liwiro ndilo lachepa, anangoseka. A Bank of Zambia akamakamba zoti inflation ikhale 6 mpaka 8% anthu amamva ngati akulonjezedwa kuti pamela itchipa.

aBanda: Pepani kulowerera, amene mumatolera cha ku Mwami, wogulitsa akakutchulirani mtengo mu kwacha ya Malawi mumasintha pa rate ya banki kapena ya anyamata a pa boda?

aTembo: Funsani chomwe munthu wolipira kwacha yathu akupereka, basi. Za rate musalowemo, mudzayeza ndalama m'malo mwa katundu.

aZulu: Ku Down Shops ndinaonako timasikelo ta mabatire tokwana m'thumba. Ndanena.

aBanda: Nanga allowance ya field ya mwezi watha ena yalowa? Kwanga kuli zii.