Masipika akutsogolo: ndigule aatali oima pansi kapena aang'ono?

Membala wosatchula dzina
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru mutu wandiima. Chipinda chomwe ana amagona kale ndachisandutsa choonera mafilimu. Mmisiri woika matailosi anandidyera ndalama, ntchito ya sabata imodzi inatha miyezi iwiri, ndipo waya amene anakwirira m'khoma ndi woonda ngati wa chaja. Mlamu wanga akuti ndikungotaya ndalama, bola ndikanagula soundbar, sipika imodzi yopingasa yoika pansi pa TV. Akunyumba akuti safuna "mabokosi a maliro" m'nyumba mwawo. TV ndi ya mainchesi 65, ndaipachika kale. Vuto ndi loti anthu akamayankhula mufilimu mawu samveka, koma bomba likaphulika mawindo amanjenjemera. Ndalama zilipo zokwanira masipika awiri abwino kapena atatu apakatikati. Ndigule aatali oima pansi kapena aang'ono oika pa sitandi? Usiku sindikugona nazo.

Wamawaya
Achimwene, masipikawo adzalumikizidwa ku chiyani? Tiuzeni dzina la ampu (makina opatsa masipika mphamvu) ndi zimene zalembedwa kumbuyo pafupi ndi polowetsa mawaya. Tiuzeninso kukula kwa chipinda.

Bambo a Tadala
FUNSO LANU MWALIYANKHA NOKHA. Mawu sakumveka? Ndiye bwanji mukufunsa za kumanzere ndi kumanja? Zokambirana za mufilimu pafupifupi zonse zimatulukira pa sipika ya pakati, senta. Gulani atatu, osati awiri, ndipo onse akhale a kampani imodzi ndi banja limodzi. Chifukwa chake ndi twita, kasipika kakang'ono ka m'bokosimo kotulutsa mawu opyapyala. Galimoto ikamadutsa pa sikirini kuchokera kumanzere, mawu ake amadumpha masipika atatu, ndipo twita zikasiyana khutu limamva kuti galimoto yasintha pakati pa msewu. Mwachitsanzo Q Acoustics 3020i imayenda ndi senta yake 3090Ci, Wharfedale Diamond 12.1 imayenda ndi 12.C. Aang'ono awiri, senta, kenako sabuwufa (sabu), bokosi la bezi yakuya. Pa risiva (ampu ya mafilimu yolumikizako masipika onse) onse muwaike pa Small, crossover 80 Hz, kutanthauza kuti bezi yotsika kuposa 80 Hz izipita ku sabu. Nkhani yatha.

Che Kaliati wa Zomba
Nkhani siinathe, bambo. Sipika ya wufa (mbali yozungulira yotulutsa bezi) ya mainchesi 5 imayamba kufooka cha m'ma 60 Hz. 3020i yomwe mwatchulayo pepala lake limati 64 Hz, pomwe mkulu wake 3050i, wa mawufa awiri a mainchesi 6.5, amafika 44 Hz ndipo sensitivity yake (kukwera kwa mawu pa wati imodzi) ndi 91 dB, osati 88. Munthuyu wanena kuti ndalama ndi za masipika awiri kapena atatu. Sabuwufa mukumugulira ndinu? Popanda sabu, aang'onowo adzamveka ngati wailesi ya m'khitchini. Komanso masitandi ndi ogula, musaiwale. Mukaphatikiza mtengo wa masitandi olemera bwino, kusiyana kwake ndi aatali kumachepa.

Bambo a Tadala
Che Kaliati, 44 Hz si bezi ya filimu. Njira ya LFE, yomwe imanyamula bezi ya mabomba mufilimu, imatsika mpaka cha m'ma 20 Hz. Sipika yaitali siingalowe m'malo mwa sabu, ndipo malo abwino a sipika yakutsogolo kawirikawiri si malo abwino a bezi. Sabu mumaisuntha mpaka bezi ikhale bwino pampando. Sipika yaitali simungaisunthe chifukwa yamangidwa ndi pomwe pali TV. NGAKHALE AATALI MUMAWAIKABE PA SMALL sabu ikakhalapo. Ndiye mwalipira bezi yoti muidule nokha?

Che Kaliati wa Zomba
Mukudula bezi koma mawufa awiri akugwirabe ntchito kuyambira 80 mpaka 300 Hz, komwe kuli ng'oma ndi mawu a amuna. M'chipinda chachikulu wufa imodzi yaing'ono imabanika mukakweza. Musamaphunzitse anthu ngati zipinda zonse n'zofanana.

Mayi a Tiyamike
Inu nonse mukukangana za mabokosi, simunamve kuti pansi ndi matailosi? Matailosi, khoma la pulasitala, mawindo opanda makatani: mawu amagunda paliponse n'kubwerera m'khutu mochedwa pang'ono, ndiye zoyankhula zimasokonekera. Achimwene, imani pakati pa chipindacho muombe m'manja kamodzi. Mukamva kulira kotsalira, sipika yodula bwanji siithandiza. Yalani kapeti yokhuthala pakati pa mpando ndi TV. Pachikani makatani olemera. Kenako khalani pampando, wina ayendetse galasi loyang'anira nkhope m'khoma la m'mbali. Pomwe mwaona sipika m'galasimo, pamenepo ndi pomwe mawu akugunda koyamba, ikanipo chofewa chokhuthala masentimita 5 kapena kuposa. Matireyi a mazira ayi, sagwira ntchito ndipo sachedwa kuyaka. Mpando usagunde khoma lakumbuyo, bezi imaunjikana kumeneko.

Membala wosatchula dzina
Zikomo nonse. Chipinda ndi mamita 4 kwa 4.5, mpando uli pa mamita 3 kuchokera pa TV. Mlamu uja wabweranso lero, akuti mnzake akugulitsa masipika a ukwati a mainchesi 15 motchipa, 3000 watts. Akunyumba akwiya nazo. Mmisiri uja sakuyankhanso foni.

Wamawaya
Chipinda tamva. Nanga ampu?

Bambo a Tadala
MASIPIKA A UKWATI AYI. Amenewo anapangidwira kuponya mawu kutali pabwalo. Pa mamita atatu honi yake idzakubayani m'makutu, ndipo ambiri otchipa amachita phokoso la "sss" filimu ikakhala chete. Za 3000 watts iwalani, imeneyo ndi PMPO, nambala yogulitsira malonda. Yang'anani RMS, nambala ya mawati enieni. Ndipo mawati olembedwa pa sipika si mphamvu imene imatulutsa, ndi imene ingapirire. Chofunika ndi sensitivity. Tiwerengere limodzi. Sipika ya 88 dB imapereka 88 dB pa mita imodzi ndi wati imodzi. Pa mamita atatu mumataya pafupifupi 9.5 dB, kutsala 78.5. Mawati 10 akupatsani 88.5, mawati 100 akupatsani 98.5, ndipo makoma amabwezako ma dB angapo. Anthu ambiri filimu amaonera pa mawati osakwana 10. Lamulo ndi ili: 3 dB iliyonse yoonjezera imafuna mawati kuwirikiza kawiri. Choncho sipika ya 85 dB imafuna mphamvu kanayi kuti ifanane ndi ya 91 dB. Chipinda cha 4 kwa 4.5 n'chaching'ono. Aang'ono akukwana. Che Kaliati avomereze.

Che Kaliati wa Zomba
Pa chipinda chimenecho ndivomera theka. Koma onani kuti chatsala pang'ono kukhala sikweya. Kuti mudziwe bezi imene chipinda chimakuza, gawani 343 (liwiro la mawu mumpweya, mamita pa sekondi) ndi kutalika kwa chipinda kuwirikiza kawiri: mamita 4 akupereka 43 Hz, mamita 4.5 akupereka 38 Hz. Ziwirizi zayandikana, ndiye bezi ya pamenepo idzafufuma m'makona n'kusowa pakati pa chipinda. Sabu yanuyo mukaiponya pakona mosayesa, mawindo adzanjenjemera kuposa lero.

Bambo a Tadala
N'chifukwa chake ndikuti SABU IMASUNTHIKA. Iikeni pampando pomwe mumakhala, ikani nyimbo ya bezi yobwerezabwereza, kwawani m'mbali mwa khoma mukumvetsera. Pomwe bezi yamveka yosalala, sabu ikhale pamenepo.

Mphunzitsi wa Fizikisi
Palibe amene wanena za kaimikidwe. Sipika yakumanzere ndi yakumanja zikhale pa madigiri 22 mpaka 30 kuchokera pakati mukakhala pampando. Pa mamita atatu ndiye kuti zitalikirane mamita 2.4 mpaka 3.5. M'chipinda cha mamita 4 sankhani cha m'ma 2.4 kuti zisakanikizike m'makona. TV ya mainchesi 65 m'lifupi ndi pafupifupi mita 1.45, ndiye musazigundanitse ndi TV, mungaphe stereo. Twita ikhale pa msinkhu wa khutu mutakhala pansi, kawirikawiri masentimita 90 mpaka 100. Zitembenuzireni pang'ono kumpando. Ngati bowo la bezi lili kumbuyo kwa bokosi, siyani masentimita 30 kapena kuposa kuchokera kukhoma, apo ayi tsekani bowolo ndi siponji imene ena amaika m'katoni. Senta ikhale pansi pa TV penipeni, nkhope yake ifike m'mphepete mwa shelefu, osati kukankhidwira mkati mwa kabati. Ikatsika kwambiri ipendekeni iloze kumaso.

Achemwali a ku Joni
Zonsezi n'zabwino koma magetsi akabwera mwamphamvu zonse zimapsa tsiku limodzi. Kwathu ndi 230 V, 50 Hz. Risiva yochokera ku America ndi 120 V, ya ku Japan 100 V. Mukailowetsa pakhoma popanda thiransifoma, yapita. Za ku South Africa ndi ku UK voteji ndi yofanana ndi yathu, za ku South Africa mungosintha pulagi. Gulani chotetezera chomwe chimadikira kaye magetsi akangobwera chisanayatse. Ndipo inu abambo mukufuula apa, munthu wanena za mkazi wake kawiri konse. Nyumba ndi ya awiri. Masitandi pa matailosi, ana akuthamanga, sipika imagwa. Amange masitandi olemera, athiremo mchenga wouma, pansi pa sipika amatepo Blu Tack.

Wamawaya
Za waya wa m'khoma: ngati ndi woonda chonchi musaugwiritse ntchito. Kutsogolo mtunda ndi waufupi, 1.5 mm² wa kopa weniweni akwana mpaka mamita 5 kapena 6. Kupitirira apo tengani 2.5 mm². Palani nsonga ndi mpeni, mukaona zoyera mkati ndi aluminiyamu wokutidwa kopa, ameneyo amafunika wonenepa kuposa apa. Wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda mbali zonse. Mukatembenuza sipika imodzi, bezi imasowa ndipo mawu samakhazikika pakati. Kuyesa kwake, gundani batire la 1.5 V pa mawaya kamphindi: pulasi ikakhala pa wofiira, wufa ituluke kunja. Mukagula akaunjika, dinani wufa mofatsa ndi zala mozungulira, isamakhule mkati, ndipo onani mphira wa m'mphepete ngati sunafumbwe. Ikani khutu pa twita iliyonse. Kachitatu tsopano achimwene, AMPU NDI YANJI?

Membala wosatchula dzina
Pepani, ndimayesa si zofunika. Ndi ija ya DVD yomwe imabwera m'katoni imodzi ndi timasipika tisanu ndi sabu. Kutsogolo analemba 1000W. Kumbuyo kuli timapulagi ta mitundumitundu, pansi pake palembedwa 3Ω. Ndimafuna ndingochotsa tiwiri takutsogolo n'kuikapo abwino.

Wamawaya
Apa ndiye pagona nkhani. Makina amenewo anapangidwira timasipika take ta 3 ohm. Mukaikapo a 8 ohm sapsa, koma mphamvu yotuluka siifika ndi theka lomwe, mudzakweza mpaka mawu aphwanyike, ndipo kuphwanyikako ndi komwe kumawotcha twita. Crossover yake ndi yokhoma, simungaisinthe, ndipo inaikidwa pamwamba chifukwa cha timasipika tating'onoto. Ndalamazo yambani ndi risiva yeniyeni ya 5.1 (masipika asanu ndi sabu) yokhala ndi HDMI ARC kapena eARC (polowera mawu ochokera ku TV), ya 230 V, yolandira 6 mpaka 8 ohm. Pa njira yoyezera chipinda, Denon ndi Marantz zili ndi Audyssey, Yamaha ili ndi YPAO, Pioneer MCACC. Mukagula yakale onetsetsani kuti kamaikolofoni koyezera chipinda kalipo. Zotsala mugule masipika awiri, pa risiva muike Center: None, mawu a pakati adzagawidwa kwa awiriwo. Timasipika ta 3 ohm musatilumikize ku risiva yatsopano, izizima yokha ikatentha. Sabu yakaleyo ilibe ampu mkati, ndiye pa bowo la Sub Out siigwira. Pakadali pano lowani mu menyu, kwezani senta ndi 3 dB, yatsani Night Mode kapena DRC (zimatsitsa phokoso la mabomba kuti lisaphimbe zoyankhula), mawu ayamba kumveka usiku uno.

Che Kaliati wa Zomba
Ndiye popanda senta ndi sabu kwa miyezi ingapo, aatali awiri pa Large, bezi yonse izipita kwa iwo. Ndi zomwe ndimanena.

Bambo a Tadala
Center: None imagwira kwa munthu mmodzi wokhala pakati penipeni. Mayi akakhala kumapeto kwa sofa, mawu onse adzathawira ku sipika ya mbali yawo. Risiva, aang'ono awiri NDI SENTA, sabu mwezi wa mawa. Achimwene, sofa yanu imakhala anthu angati?