Kutseka mitsempha pa aneurysmal bone cyst: chithandizo pachokha kapena kukonzekera opaleshoni basi?

Wamafupa: Anzanga a ku radiology, ndithandizeni. Aneurysmal bone cyst (ABC), chotupa cha m'fupa chodzaza magazi, ikakhala pa sacrum (fupa la kumunsi kwa msana) kapena pa fupa la msana mwa mwana wa zaka 12 kapena 13, kupala kumataya magazi ambiri ndipo minyewa ili pafupi. Kodi embolization (kutseka mitsempha yodyetsa chotupa) payokha ingachize, kapena ndi yongochepetsa magazi tisanang'ambe? Nanga mumatsekera ndi chiyani?

KathetaIR: Zonse ziwiri zimatheka, koma zotsekera zimasiyana, Adokotala. Ngati cholinga ndi opaleshoni, Gelfoam (kasiponji kosungunuka) imakwanira, bola mung'ambe pasanathe maola 24 mpaka 72, chifukwa imasungunuka pakapita masabata angapo ndipo mitsempha ya m'mbali imayamba msanga kudyetsanso chotupacho. Ngati mukufuna kuchiza osang'amba, pafunika zokhalitsa: timibulu ta pulasitiki ta PVA ta ma micron 300 mpaka 500, kapena guluu wa NBCA wosakaniza ndi mafuta a Lipiodol kuti azioneka pa X-ray. A ku chipatala cha mafupa cha Rizzoli ku Bologna, ku Italy, amadziwika ndi njira ya guluuyi.

Timalowera pa mtsempha wa femoral (wa pantchafu) ndi katheta ya 4F kapena 5F, kujambula mitsempha yonse yodyetsa chotupa, kenaka kulowetsa microcatheter (kakatheta kakang'ono) m'nthambi iliyonse payokhapayokha. Pa sacrum mujambule mitsempha ya m'chiuno ya internal iliac mbali zonse ziwiri pamodzi ndi mtsempha wapakati wa median sacral, apo ayi mutseka kumanzere chotupa chikumwera kumanja. Ma coil (timawaya totsekera) musayike pachiyambi pa mtsempha wodyetsa. Magazi amalambalala, ndipo inu mwadzitsekera khomo lodzabwererapo. Kubwereza n'kwachibadwa, kawiri katatu, motalikitsa masabata angapo.

Zamsana: Pa msana chinthu choyamba si chotsekera, ndi mtsempha wa Adamkiewicz, womwe umadyetsa minyewa ya mkati mwa msana (spinal cord). Nthawi zambiri umachokera kumanzere pakati pa mafupa a msana a T9 ndi T12, ndipo pa chithunzi umakwera n'kupinda mwadzidzidzi kutsika pakati penipeni. Ukamachokera pa nthambi yomwe ikudyetsa chotupa, nthambi imeneyo isiyeni. Timibulu tikalowa mmenemo mwana amafa miyendo, ndipo sizibwerera. Jambulaninso nthambi za pamwamba ndi pansi pa fupa lodwalalo.

Timibulu tosakwana ma micron 150 timafika kutali kwambiri, timapha khungu la pathako komanso timitsempha todyetsa mnyewa waukulu wa mwendo (sciatic). Nawonso guluu akabayidwa mwaphuma amabwerera m'mbuyo kapena kumata katheta. Tsukani katheta ndi dextrose ya 5%, osati saline, chifukwa saline imaumitsa guluuyo asanafike.

Labu_Patho: Musatseke musanatenge biopsy (kachidutswa ka chotupa kokayeza), chonde. Madzi osanjikizana omwe ABC imaonetsa pa MRI amaonekanso pa khansa ya mafupa ya telangiectatic osteosarcoma, ndipo chotupa china cha m'fupa, giant cell tumour, chimatha kubisala pansi pa ABC. Singano ikatulutsa magazi okhaokha, tenganinso kuchokera ku khoma la chotupa.

KathetaIR: Zoonadi. Makolo muwauziretu kuti kutentha thupi ndi ululu kwa masiku awiri atatu n'zoyembekezeka. Ululu wa chotupa umayamba kutha m'masabata oyamba, koma fupa latsopano pa X-ray limachedwa, miyezi itatu kapena kupitirira. Mwana akayamba kufooka miyendo kapena kulephera kugwira mkodzo, musadikire zimenezo. Tsekani lero, mawa mukamasule minyewa ku theatre.