Banja lathu: za ulendo wa Mphatso ku Niassa

Mayi a Mphatso: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ija tinayamba kukamba ku Malindi yatsimikizika. Mphatso ali m'gulu la achinyamata a kumpingo amene akupita ku Mozambique mu Ogasiti, masabata atatu, kumidzi ya kufupi ndi Metangula. Galimoto alipira ndi ampingo, koma chakudya, zogonera ndi ya m'thumba aliyense adzionere. Akuti K380,000. Ndekha sindingakwanitse, n'chifukwa chake ndazitula pano.

Bambo aang'ono ku Joni: Zamveka alamu. Koma tisanafike pa ndalama, mwanayu atiuze yekha. Akukatani kumeneko? Masabata atatu munthu angasinthe chiyani?

Mphatso: Zikomo bambo. Sitinadzisankhire tokha zochita. Ansembe a kumeneko ndi amene analemba kalata. Mijigo iwiri inafa, anthu abwerera kukatunga kunyanja ndi m'zitsime zosatetezedwa. Apempha anthu okawathandiza kuikonza, ndiponso kucheza ndi amayi za ukhondo. Ine gawo langa ndi limenelo, chifukwa kolera wa 2022 ndi 2023 ndinamuona ndi maso kuno, ndikudziwa mmene amayambira pakhomo. Madzulo tizidzaphunzitsa ana mawu a Mulungu ndi nyimbo.

Azakhali a ku Malindi: Mwanangu, ndikusangalala, koma ndilankhule zimene zili kumtima. Ife ndife anthu olandira alendo otere, timawadziwa. Mukukumbukira gulu lija linabwera kusukulu ya kumudzi kwathu kuchokera kunja? Anapenta kalasi imodzi, anagawa maswiti, ana akukanganirana mpaka wina kuthyoka dzino, iwo ali kalikiliki kujambula. Mwana wa mnansi wanga anamujambula ali ndi malaya ong'ambika, mayi ake osafunsidwa n'komwe. Mayiyo analira pamene anamva kuti chithunzicho chili pa Facebook. Mjigo wa pasukulupo unali wakufa pamene ankafika, unali wakufabe pamene ankachoka. Palibe anafunsa a komiti kuti vuto lanu n'chiyani.

Azakhali a ku Malindi: Ndiye iwe ukafika, foni ikhale m'chikwama. Munthu wosauka si malo ojambulirapo.

Limbani: Zoona azakhali, koma musaiwale ena aja, mayi ndi bambo achikulire amene ankabwerabwera chaka ndi chaka. Ankapereka moni m'Chiyao, ankadya ugali ndi usipa pamphasa. Iwo aja ndi amene anandilipirira maphunziro a mijigo. Lero ndikudyetsa ana anga ndi sipanala.

Azakhali a ku Malindi: Eya, amenewo ndiye ndikufuna Mphatso atengere.

Malume a ku Namwera: Salaam nonse. Mukudziwa kuti ine ndine Msilamu ndipo ulendowu ndi wa tchalitchi, koma mwana wa mlongo wanga ndi mwana wanga. Ndiika K60,000. Pempho langa ndi ili. Ku Niassa Asilamu ndi ambiri ngati kuno kwathu, ambiri ndi Ayao anzathu. Mjigo mukaukonza, ukhale wa mudzi wonse, osati munthu ayambe walowa m'tchalitchi kuti atunge. Mukafika muyambe mwakaonekera kwa mfumu, mukapatsenso moni shehe. Lachisanu masana musaitanitse msonkhano, anthu amakhala ku Juma. Za nkhumba musaziyerekeze n'komwe. Ndipo chitenje chisachoke m'chiuno.

Mphatso: Sikomo kwejinji mjomba. Ndikauza atsogoleri athu mawu amenewa momwe mwanenera. Ena m'gulumu ndi a ku Blantyre ndi ku Zomba, sanakulire pakati pa Asilamu ngati ine.

Tadala: Ndikulembera Anganga, ali pompano. Akuti kodi si kumene kuli nkhondo kuja amanena pa wailesi? Akuti iwo sakufuna kumva zoti mdzukulu wawo wasowa m'tchire.

Agogo aphunzitsi: Tadala, uwauze kuti mtima ukhale m'malo. Zipolowe zimene amamvazo zinayamba mu 2017 ku Cabo Delgado, mbali ya kunyanja yamchere, kutali zedi. Metangula ili m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi, kungoti tsidya linalo. Komabe sindibisa, chakumapeto kwa 2021 zinafikako ku Mecula, komwe ndi m'chigawo cha Niassa chomwecho ngakhale kuli kutali ndi nyanja. Choncho gululi lisamayende usiku, ndipo eni dera akati uku musapite, asapite.

Agogo aphunzitsi: Ndionjezepo pang'ono, poti achinyamata simudziwa. Kumene akupitaku si kwachilendo kwa mpingo wa Anglican. Archdeacon William Percival Johnson anayenda m'midzi ya gombe limenelo zaka zambirimbiri, ndipo sitima ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda mu 1901, inkanyamula ansembe ndi aphunzitsi kuchokera ku Likoma kuzungulira midzi imeneyo. Ku Messumba, pafupi ndi Metangula, kuli mishoni yakale kwambiri. Ndiye Mphatso usakaganize kuti ukupititsa Yesu kwa anthu osamudziwa. Ukapeza nkhalamba zoimba nyimbo za m'buku m'Chinyanja osayang'anamo. Ukakhale pansi, ukaphunzireko.

Tadala: Anganga amva. Akuti chabwino apite. Akuti nthawi ya nkhondo ya kumeneko, anthu othawa atadzaza kuno, iwo anasunga mayi wina ndi ana ake atatu kukhitchini kuja mpaka mtendere utabwera mu 1992. Akuti mayiyo pochoka anawasiyira mphika wadothi, ulipobe. Akuti Mphatso akadye chilichonse chimene ampatsa, asakanyoze. Iwo apereka ufa ndowa imodzi ndi usipa wouma.

Mayi a Mphatso: Zikomo amayi. Mwandigwetsa misozi.

Limbani: Za mijigo ndilankhulepo ine. Mphatso, funsa ngati ndi ya Afridev ngati yathuyi, atumize chithunzi cha mutu wake. Ikakhala imeneyo, nthawi zambiri chimafa ndi kamphira ka pansi kokoka madzi kaja, ndi timabushi ta pa chogwirira. Ukamapopa chogwirira n'kumapepuka, madzi osatuluka, dziwa kuti mphira yatha. Ndikugulira zimenezo za mijigo iwiri ndi zina zapadera, kuphatikizapo K20,000. Koma chonde, musakakonze nokha anthu akuonerera. Apezeke anthu a m'mudzimo, makamaka amayi poti otunga ndi iwo, agwire okha ndodo potulutsa, aone mmene mphira imalowera. Sipanala muwasiyire. Mukapanda kutero chaka chamawa ufanso.

Bambo aang'ono ku Joni: Tsopano ndamvetsa. Ine K120,000, ifika Lachisanu pa Airtel Money ya alamu. Funso lina, pasipoti ili bwino? Ndipo iwe ndiwe namwino kuno, kodi kumeneko akulola kubaya jakisoni?

Mphatso: Pasipoti ilipo, sinathe. Jakisoni ayi bambo, chiphaso changa ndi cha kuno ku Malawi. Ndikaona wodwala ndizimutumiza kuchipatala cha komweko. Atiuzanso kuti tisanyamule mankhwala ogawa, aliyense atenge ake okha ndi neti.

Malume a ku Namwera: Njira ndikuidziwa, ndimapitako kukagula nyemba. Mukaoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera phiri la Chowe, muime pano pa Namwera mumwe tiyi. Pa Chiponde mufike m'mawa. Kuchoka pa geti lathu kukafika pa geti la Mandimba pali kamtunda, ndipo anyamata osintha ndalama akuzingani. Usasinthe wekha, ndikuperekeza ndikakusinthire kwa munthu amene ndimamudziwa, meticais tiwerengere limodzi. Ukafika ku Mandimba ugule simu ya Movitel, imagwira m'midzi yambiri. Ndipo tenga juzi yokhuthala, ku Lichinga n'kumtunda, mu Ogasiti m'mawa kumazizira koopsa.

Azakhali a ku Malindi: Ine K40,000 ndi zitenje ziwiri. Chimodzi ukapatse mayi wa pakhomo pamene uzikagona.

Agogo aphunzitsi: Za penshoni n'zochepa, K30,000.

Mayi a Mphatso: Ambuye akudalitseni nonse. Ndikaphatikiza ndi K80,000 yanga yakwana K350,000. Yatsala K30,000.

Mphatso: Imeneyo ndiika ndekha amayi, ndakhala ndikusunga.

Bambo aang'ono ku Joni: Bwino. Ukabwerako utiuze zonse pano, za mijigoyo makamaka, ngati ikutulutsa madzi komanso wasiyiridwa sipanala ndani.

Mayi a Mphatso: Ndalama zonse zifike pasanathe pa 20 Julaye kuti tikapereke kwa msungichuma wa gulu. Lamulungu lomaliza la Julaye tikumane kwa Anganga tikatuluka m'tchalitchi, timupempherere. Achimwene a ku Namwera, nkhuku mudzazinga ndinu kuti tonse tidye.

Malume a ku Namwera: Insha Allah ndifika. Limbani, udzabwere ndi zipangizozo tsiku lomwelo, umuonetse Mphatso pa mjigo wa kwa Anganga asananyamuke.

Limbani: Ndamva malume, ndidzafika m'mawa ndi sipanala ziwiri.