Kodi bangwe angamveke bwino pamodzi ndi magitala amagetsi?

Wa ku Namwera: Akuluakulu, gulu lathu likufuna kuphatikiza bangwe ndi ng'oma za beni m'nyimbo za jazi, koma magitala akangoyamba kulira, bangwe samvekanso. Kodi tingatani?

Wa ku Makawa: Achimwene, musakakamize bangwe kutsatira kiyibodi, chifukwa machunidwe ake ndi ena. Chunani magitalawo kuti azimutsatira iyeyo, ndipo maikolofoni ikhale pafupi ndi chipanda kapena chitini chokuzira mawu a bangweyo.

Wa ku Malindi: Ine nkhawa yanga ili pa ng'omazo. Pitani kwa mmisiri weniweni amene amasema thunthu louma bwino, nakunga chikopa choti mukachiwamba pamoto chimalira mokoma, ndipo mumulipire moyenera, pakuti zambiri zimene alendo amagula kunyanja kuno ndi zokongoletsera m'nyumba chabe.