Kodi bowa wa ku Kaning'ina tingamubwezeretse bwanji?

Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Ndimakhala ku Mchengautuwa mumzinda wa Mzuzu, ndipo mvula ikagwa timapita ndi amayi anzanga kukazula bowa m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina. Masiku ano tikuyenda mtunda wautali koma dengu osadzaza.

Chimene ndaona n'chakuti bowa wa manyame ndi ndelema amamera pansi pa mitengo yachilengedwe ngati misuku ndi mitengo yotchedwa tsamba, chifukwa amadalira mizu yake. Pamene paotchedwa makala, olo mvula ivumbe sabata yathunthu, simupeza kanthu. Utale ndi wosiyana, umatuluka pa chulu poti chiswe ndicho chimaulima pansi. Ndiye anthu akathira mankhwala pa chulu, ndiwo nazo zapita, ngumbi zomwe.

Kodi tikabzala misuku kumunda, bowa angabwerere, ndipo patapita zaka zingati? Nanga kuzula ndi tsinde lomwe kumachepetsa bowa wa chaka chamawa, kapena tizidula ndi mpeni?

Chinanso, anzanga ena amati bowa amene wadyedwa ndi apusi ngwabwino kwa munthu. Ine ndimakana, ana anga sindingawapatse. Amene munaphunzira za nkhalango, ndiwafotokozere bwanji kuti amve?